Umphawi si mutu wa nkhani yako: mawu kwa atsikana a ku Mwanza amene akulemba essay yofunsira sukulu

Ambiri mwakhala mukutipempha kuti tiike pano zomwe tinayankhula Loweruka lija pa boma la Mwanza, pamene tinakumana ndi atsikana omwe alemba MSCE, makolo awo ndi aphunzitsi ena. Nazi, monga mmene tinayankhulira. Ndi zazitali ndithu, koma werengani mpaka kumapeto, ndipo mumutumizire mtsikana amene mukumudziwa kuti akudzaza mafomu.

*

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, aphunzitsi athu, komanso inu atsikana amene mwatisonkhanitsa pano. Takulandirani nonse. Amene mwachokera kwa Kanduku, kwa Nthache, ku Thambani, tikudziwa kuti thiransipoti ndi yowawa masiku ano, ndiye sitikutayirani nthawi.

Lero tabwera ndi nkhani ya mutu. Osati mutu wolukawu ayi, umenewo tikuona kuti mwaukonza kale. Tikunena mutu wa chimangirizo, chija pa mafomu amati essay kapena personal statement, chomwe mtsikana amalemba pofunsira malo a sukulu kapena sikolashipu.

Tiyambe ndi kulongosola, kuti makolo musasokonezeke. Mwana akamafunsira malo ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, kaya ndi UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST kapena MZUNI, chomwe chimayankhula ndi mapointi ake a MSCE ndi maphunziro omwe wasankha. Kumeneko safunsa chimangirizo. Koma pali makomo ena. Pali Mastercard Foundation Scholars Program, yomwe imalipirira ana a mu Africa m'mayunivesite osiyanasiyana monga Ashesi ku Ghana. Pali African Leadership Academy ku Johannesburg. Pali sukulu za UWC, imodzi ili pafupi pompa ku Eswatini, Waterford Kamhlaba. Pali Ashinaga, yomwe imathandiza ana omwe anataya kholo limodzi kapena onse awiri. Palinso makoleji a ku America, omwe ambiri amagwiritsa ntchito fomu yotchedwa Common App. Makomo onsewa amafuna kuti mwana alembe za iye mwini. Pa Common App mawu sapitirira 650. Tsamba limodzi ndi kachidutswa, basi. M'katsamba kameneko munthu amene sanakuonepo, amene sadziwa kuti Mwanza ili kuti, aganize kuti uyu timutenge kapena ayi.

Tsono tamverani chomwe chatibweretsa. Miyezi yapitayi atsikana angapo anatipatsa zolemba zawo kuti tiwaonere. Tinakhala pansi, tinawerenga. Choyamba chinayamba chonchi: "I come from a poor family in a small village in Malawi, one of the poorest countries in the world." Tinati chabwino. Chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatu, chimodzimodzi. Ndipo kumapeto pafupifupi onse amafuna kukhala dokotala kuti athandize "my community". Atsikana osiyana, midzi yosiyana, nzeru zosiyana, koma pa pepala amaoneka ngati munthu mmodzi. Tikanabisa mayina, ngakhale amayi awo owabereka sakanadziwa kuti cha mwana wanga ndi chiti.

Kodi ananama? Ayi. Umphawi ulipo, tonse tikuudziwa, ena tagona nawo usiku wathawu. Koma ganizirani munthu wowerenga uja. Patsogolo pake pali mulu wa zimangirizo zochokera ku Malawi, ku Zambia, ku Uganda, ku Sierra Leone. Sikolashipuyo ndi ya ana osowa, ndiye aliyense amene wafunsira ndi wosowa. Fomu yakufunsa kale kuti makolo amapeza zingati, m'nyumba muli anthu angati, fizi amakulipirira ndani. Ukadzazanso chimangirizo chonse ndi umphawi womwewo, wamuuza zomwe akudziwa kale, ndipo malo okhawo omwe akanakuona iweyo wawapereka kwa njala.

Tisawadzudzule atsikanawa. Anaphunzira kwa ife. Ife akuluakulu, ndi ife a mabungwe tomwe, tili ndi mlandu. Kukabwera alendo a galimoto zazikulu timasankha mtsikana wa nkhani yomvetsa chisoni kwambiri, timamuimika kutsogolo, afotokoze, alire, ajambulidwe. Mwana amaona. Amaphunzira kuti chinthu chokhacho chomwe ali nacho chogulika ndi chilonda chake. Mlembi wa ku Nigeria, Chimamanda Ngozi Adichie, anayankhulapo mu 2009 za kuopsa kokhala ndi nkhani imodzi yokha ya anthu enaake. Nkhani imodzi ya mtsikana wa kumudzi ku Malawi kuno ndi yoti ndi wovutika, akudikira womupulumutsa. Chomvetsa chisoni n'choti tsopano atsikana eni ake ayamba kuilemba okha, ndi dzanja lawo.

Ndiye mutu wachilendo, wosafanana ndi wa wina aliyense, upezeka kuti? Ena mukuganiza kuti mpaka ukhale unakwerapo ndege, kapena unayambitsa bungwe, kapena unapambana mpikisano wa dziko lonse. Ayi ndithu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mutu wachilendo ndi chinthu chomwe iwe unachiona pafupi, unachigwira ndi manja, unachiganizira, mwakuti wina sangachifotokoze mmene ungachifotokozere iwe.

Taonani William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 inamuchotsa pa sukulu, monga inachotsera ana ambirimbiri. Koma dziko silimukumbukira chifukwa cha njalayo. Limamukumbukira chifukwa anapita ku laibulale, anaona chithunzi m'buku, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola komanso njinga yakutha. Anakaphunzira ku African Leadership Academy, kenako ku Dartmouth ku America. Njala inali ya onse, makinawo anali ake.

Taonaninso Memory Banda. Atsikana okwatiwa ali ana alipo ochuluka, aliyense pano akudziwapo wina. Koma Memory atayankhula pa TED mu 2015, anthu anamumvera chifukwa anafotokoza zomwe iye ndi anzake anachita: kukana, kupita kwa mafumu, kukakamira aphungu. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Vuto linali la ambiri, zochita zinali zake.

Tsono tibwere kwathu kuno. Inu a ku Mwanza muli ndi zinthu zomwe mwana wa ku Area 47 alibe, koma mumaziona ngati zachabe chifukwa munakulira momwemo.

Ndani pano anagulitsapo manachesi m'mbali mwa msewu? Kwezani manja, musachite manyazi. Eya, taonani. Inuyo mukudziwa kuti manachesi akapsa onse nthawi imodzi mtengo umagwa. Mukudziwa mmene wogula wochokera ku Blantyre amayendera pang'onopang'ono, dala, podziwa kuti dengu lanu silingadikire masiku atatu. Mukudziwa fungo la manachesi owola omwe mayi anawasamalira chaka chathunthu. Mtsikana amene anakhalapo pansi n'kudzifunsa kuti, kodi n'chifukwa chiyani ife olima timagulitsa motaya pomwe juwisi wa m'botolo m'sitolo ndi wodula chonchi, ameneyo ali ndi mutu kale. Ndipo mutuwo ukumulondolera wokha ku maphunziro a zachuma, a ulimi, kapena a kasungidwe ka zakudya.

Ndani anawolokapo kupita ku Zobue ndi amayi kukagula kapena kukagulitsa? Mumawerengera makwacha ndi meticais m'mutu, popanda kalikyuleta. Ena mumatolako Chipwitikizi cha pamsika. Mumadziwa kuti mbali iyi ndi mbali iyo ndi anthu amodzi, maliro timalira limodzi, koma pakati pali chipata ndi chidindo. Pali anthu amalemba mabuku athunthu za malire a mayiko, koma sanaimepo pa mzere wa mathiraki opita ku Tete. Inu mwakulira pomwepo.

Ena munali ana aang'ono mu 2015 ndi 2016, pamene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza ku Kapise, asanawasamutsire ku Luwani. Mwina munatunga nawo madzi pa mjigo umodzi. Mwina munakangana nawo pa mzere, kenako n'kukhala mabwenzi. Munaphunzirapo chiyani za mlendo?

Ena mumachokera ku Thambani, komwe mu May 1983 kunapezeka matupi a Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Mwina agogo anu amatsitsa mawu mpaka lero akamaitchula nkhani imeneyi, mwina saitchula n'komwe. Mtsikana wofuna kuphunzira zamalamulo, amene anakula akumva kunong'ona kumeneko n'kumadzifunsa kuti mantha amatha liti m'mudzi, ali ndi chonena chomwe wina aliyense alibe.

Koma sikuti mpaka chikhale chinthu cha m'mbiri ya dziko. Tikuuzeni za mmodzi mwa atsikana aja tinawaonera zolemba zawo, watilola kuti tinene koma dzina ayi. Titamubwezera pepala lake la "poor family" lija tinamufunsa kuti, kodi iwe Loweruka masana umatani? Anati, aaa, palibe, ndimangolembera amayi a banki mkhonde. Tinati, kungolembera? Tafotokoza. Zinapezeka kuti kuyambira ali Fomu 2 ndi iye amene amasunga kope la gulu la amayi ake, chifukwa ambiri m'gulumo kulemba kumawavuta. Tsiku lina akuwonkhetsa anapeza kuti chiwongoladzanja cha mayi wina chakhala chikuwerengedwa molakwika kwa miyezi ingapo, mayiyo amalipira mopitirira. Ndipo amene analakwitsa anali mayi wamkulu, wolemekezeka, mnzawo wa amayi ake. Mwana wa zaka 15 amuuza bwanji munthu wamkulu pagulu kuti mwaphonya masamu? Anagona nazo masiku awiri. Kenako anapita kunyumba kwa mayi uja yekha, ndi kope, nati, amayi, ndithandizeni kuwerengera apa, ine zikundisokoneza. Anawerengera limodzi mpaka mayi uja anaona yekha pomwe panalakwika, ndipo pa msonkhano wotsatira anakonza ndi pakamwa pake.

Tinamuuza kuti, mwana iwe, chimangirizo chako ndi chimenechi. Anadabwa. Amati zimenezi n'zakumudzi, azungu aziona ngati chiyani? Koma taonani zomwe zili m'kankhani kameneka. Muli masamu. Muli chilungamo. Muli nzeru yokonza cholakwika popanda kuchititsa munthu manyazi, chinthu chomwe mabwana ambiri a madigiri sachitha. Umphawi ulimonso, chifukwa wowerenga aona yekha kuti amayi obwerekana ndalama zochepa pakhonde si olemera. Koma umphawiwo uli kumbuyo, mtsikanayo ali kutsogolo. Mayankho a komwe anafunsira sanabwere, ndiye sitikulonjezani kuti mutu wabwino ndiye kuti basi watengedwa. Malo ndi ochepa, ofunsira ndi ambiri. Chomwe tikudziwa n'choti amene awerenge pepala limenelo akumana ndi munthu.

Ndiye mukapeza mutu, muuyese ndi mafunso atatu awa.

Loyamba: ndikabisa dzina langa, kodi mnzanga wa m'kalasi angasayine pansi pake n'kukhala zoona? Ngati angathe, mutuwo sunakhale wako. Kumba pansi. Usalembe za "mavuto a atsikana akumudzi". Lemba za tsiku limodzi, malo amodzi, chinthu chimodzi chomwe chinachitika iwe ulipo.

Lachiwiri: m'nkhanimu akuchita zinthu ndani? Tenga pensulo, ulembe mzere pansi pa mawu onse oti anandithamangitsa, anandimana, anandithandiza, anandilipirira. Kenako uzungulize onse oti ndinaona, ndinafunsa, ndinayesa, ndinalephera, ndinasintha. Mizere ikachuluka kuposa zozunguliza, ndiye kuti walemba za anthu ena, iwe wangokhala katundu wonyamulidwa. Ndipo musaope mawu oti ndinalephera. Mtsikana amene anayesa geni ya zitumbuwa n'kudya mpamba, n'kumvetsa chomwe chinalakwika, ali ndi zambiri zonena kuposa amene amati zonse zimamuyendera.

Lachitatu: kodi ndingakonde kufunsidwa za nkhaniyi ndi anthu osawadziwa? Masikolashipu ambiri amaitana ku intavyu, ndipo amafunsa zomwe unalemba. Ngati ukudziwa kuti akangoitchula ukhala chete kapena ugwa nayo, ganiza kawiri.

Funso lachitatuli likutifikitsa pa nkhani yomwe ife ngati gulu loona za ufulu wa amayi sitingaidumphe. Pakati panu pano pali amene anagwiriridwapo. Pali amene anatenga mimba n'kubwerera ku sukulu, monga ndondomeko ya boma yakhala ikulolera kuyambira mu 1993. Pali amene anathawa ukwati wokakamizidwa. Pali amene amamwa ma ARV chibadwire. Sitikufunsani kuti mukweze manja. Tikungoti mumve bwino: palibe chochititsa manyazi pa zimenezi, ndipo amene akufuna kulemba za izo, mwa kufuna kwake, alembe, tidzamuthandiza kuti alembe mwamphamvu. Koma asapezeke munthu, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi wa bungwe, kaya ndi ife amene, wokuuza kuti lemba za kugwiriridwa kuja ndiye akumvera chisoni. Chilonda chako si chiphaso cholowera pa geti. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake, ndipo gawo 25 limapatsa aliyense ufulu wa maphunziro. Palibe pomwe analemba kuti upereke woyambawo kuti upeze wachiwiriwo.

Kumbukiraninso kuti nkhani zina si zanu nokha. Matenda a amayi ako ndi a amayi ako. Mimba ya mkulu wako ndi ya mkulu wako. Pepala likapita pa intaneti silibwerera. Ngati nkhani yako singamveke popanda kuwatchula, apemphe kaye, ndipo akakana, wakana mwini wake.

Ndipo ngati nkhanza zikuchitika panopa, malo ake si chimangirizo. Wowerenga ali ku Accra kapena ku Boston sangakupulumutse usiku uno. Imbani 116, ndi yaulere, kapena pitani ku Victim Support Unit ku polisi, kapena mutipeze ife tikamaliza pano, tiperekezana.

Chenjezo lina. Osanama. Tamvapo ana akupha makolo amoyo pa pepala kuti aoneke amasiye. Amafunsa zikalata, amafunsa aphunzitsi, ndipo bodza likapezeka umataya zonse, n'kuwonongeranso mbiri ang'ono ako a pa sukulu yomweyo. Osakopera za pa intaneti. Ndipo iyi ya ChatGPT, tikudziwa kuti ena muli nayo m'mafoni. Ikupatsani Chingerezi chosalala ngati cha pa BBC, koma sinaimepo pa Zobue, sikudziwa kope la amayi ako. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ikulemberani chimangirizo chomwechija chofanana ndi cha aliyense, kungoti chovala suti.

Chenjeraninso ndi othandiza ena. Wina akakuuzani kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa sikolashipu, ndi wakuba. Bambo wina akati ubwere kunyumba madzulo wekha ndidzakukonzere essay, mukudziwa kale chomwe akufuna kukonza. Wothandiza weniweni amakuthandiza masana, poyera, ndipo sakwiya ukabwera ndi mnzako.

Nanga poyambira ndi pati? Osayamba ndi Chingerezi. Ambiri mukangoti mulembe Chingerezi mumathamangira ziganizo zomwe munaloweza, ndiye n'chifukwa chake zimafanana. Tengani kope, mulembe m'Chichewa zinthu khumi zomwe mumadziwa kuchita kapena zomwe zinakudabwitsanipo, ngakhale zooneka zopanda pake: kukonza mjigo, kulera ang'ono anu, kuweruza mkangano wa ku netiboli, kuwerengera agogo kalata ya ku chipatala. Musankhepo ziwiri, mumufotokozere mnzanu pakamwa. Pomwe iye adzati, eee, kenako zinatani? pomwepo ndiye pali mutu. Mukatero lembani, kenako mutembenuzire m'Chingerezi chanu chomwecho, chosavuta. Pomaliza muonetse mmene kankhaniko kakukhudzirana ndi zomwe mukufuna kukaphunzira. Ngati ukufunadi udokotala, chabwino, koma utiuze tsiku lomwe unayamba kuufuna, unali pati, unaona chiyani. Ndipo werengani funso lomwe afunsa pa fomu, muyankhe limenelo, chifukwa mafomu safanana.

Aphunzitsi athu, tikupempheni. Konzani galamala, konzani masipelo, koma mawu a mwana muwasiye akhale ake. Mukachotsa manachesi n'kuikapo mawu akuluakulu a mu dikishonale, mwachotsa mwanayo.

Makolo, inunso muli ndi mbali. Chimangirizo chabwino sichilembedwa usiku umodzi, chimafuna kulemba, kufufuta, kulembanso, mwina kanayi kapena kasanu. Mnyamata akati ndikuwerenga timamusiya. Mtsikana akangogwira kope timati madzi atha, mwana akulira, ndiwo zipsa. Mpatseni maola awiri pa tsiku kwa sabata ziwiri, achimwene ake atunge madziwo, sathyoka. Komanso akakufunsani za kale, za mmene munayambira geni, za nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, muuzeni. Paja mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutu wa chimangirizo umene.

Atsikana, ntchito yanu nayi. Loweruka la mawa lino likadutsa, linalo, tikumananso pompano nthawi yomweyi. Aliyense abwere ndi mndandanda wake wa zinthu khumi, ndi tsamba limodzi lolemba pamanja, Chichewa kapena Chingerezi, zilibe kanthu. Lamulo ndi limodzi: chiganizo choyamba chisakhale ndi mawu oti "poor". Amene alibe ya thiransipoti atiuze tisanabalalike, tiona chochita. Amene akuopa kuwerenga pagulu adzatipatsa pambali, palibe wokakamizidwa.

 Atsikana, tsalani kaye pang'ono tilembe mayina.